Mzere Wofiira M'moto wa a Laurenti

A Laurenti Nyakuipa anachoka ku Nsanje ali mnyamata, chaka chotsatira ufulu, n'kudzayamba ntchito yonyamula zitsulo ku Ginnery Corner. Mmisiri wina wa kumeneko anawaphunzitsa kuwotcherera, ndipo pofika 1981 anali ndi shedi yawoyawo ku Ndirande, kumtunda kwa msika. Mageti ambiri a ku Chitawira anali a manja awo. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma Lamlungu ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi mpaka mabenchi kunjenjemera.

Mwana wawo wamkazi, Jesinta, ankaphunzira sayansi ku yunivesite. Pa tchuthi cha Khirisimasi chaka chimenecho, mvula itavuta sabata yathunthu, anabwera kushedi masana ndi kabokosi kakuda kobwereka kwa mphunzitsi wake. Kanali ndi kampata kakang'ono ngati kodula ndi lezala, ndipo mkati munali galasi la ngodya zitatu.

"Ababa, tayatsani moto wanu ndiuone."

"Moto uwu suonedwa, mwanawe. Ufuna kufa maso?"

"Sindiyang'ana motowo. Ndiyang'ana pepala ili."

Jesinta anatchinga mawindo ndi masaka. A Laurenti anavala chigoba chawo choteteza maso, n'kukhudzitsa rodi yowotcherera pachitsulo. Kuwala kunalowa pakampata kaja, kukatulukira papepala loyera ngati utawaleza, wokhala ndi timizere towala tambirimbiri. Jesinta anakuwa mwakuti bambo ake anataya rodi pansi.

"Wapsa?"

"Ayi! Mzere wofiirawo! Ndi waukulu zedi!"

Jesinta anafotokoza akupuma mwabefu. Atomu iliyonse ikatentha imatulutsa kuwala kwa mtundu wakewake, ngati munthu woimba mawu amodzi. Mzere wofiira umenewo ndi wa mpweya wotchedwa haidirojeni, ndipo kusukulu, m'kachubu ka galasi, iye ankauona wopyapyala ngati ulusi. Apa unali utafufuma.

"Tiyerekeze mukuimba besi, Ababa, anthu n'kumakugundani uku ndi uku. Mawu angatuluke owongoka?"

"Angagwedezeke."

"Ndi zomwezo. M'moto wanu mukutentha kuposa pamwamba pa dzuwa. Tizinthu tating'ono totchedwa maelekitironi tathothoka m'maatomu, tikuthamanga mothithikana, n'kumagunda atomu isanamalize kuimba. Tizinthuti tikachuluka, mzerewo umakulirakulira. Ndinangowerenga m'buku, sindinaonepo."

A Laurenti anakhala pansi pa chitini cha penti. Kuposa dzuwa? Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akugwira chinthu chotere m'manja, nthawi zina atavala patapata! Anayang'ana zikhatho zawo ngati za mlendo.

Koma Jesinta anali atachita tsinya. "Chikundidabwitsa n'chakuti haidirojeni wochuluka chonchi wachokera kuti. Amakhala m'madzi. Marodi anu sananyowe?"

"Marodi anga? Iwe, ndinayamba ntchito iyi usanayambe n'komwe sukulu."

Anapita pakona kukatenga paketi kuti amuonetse. Katoni inangophwasuka m'manja mwawo, yofewa ngati mkate wonyika mu tiyi. Atayang'ana kudenga, anaona kabowo ka msomali, dontho likulendewera. Kwa masiku angapo moto unkalavula ndi kuthetheka, iwo n'kumati ndi magetsi akuvuta.

Mmisiri aliyense amadziwa kuti polumikiza ndi rodi yonyowa pamaoneka bwino lero, n'kudzang'aluka patapita masiku. Ndipo Lachiwiri lapitalo anali atawotcherera miyendo ya thanki ya madzi kunyumba kwa mayi Doreen, namwino wa ku Chitawira. Pansi pa thankiyo ndi pomwe a m'nyumbamo ankachapira.

Sanavule n'komwe ovolosi. Anapalasa njinga m'matope osaima, ndipo anakapeza mayi Doreen ndi mng'ono wawo atawerama pabeseni, thanki yodzaza ili pamwamba pa mitu yawo.

"Chokanipo! Amayi, chokanipo msanga!"

"Kwagwanji, a Nyakuipa?"

A Laurenti anakwera makwerero, napala penti ndi mpeni pa mwendo woyamba. Panalibe kanthu. Pa wachiwiri anapeza mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, utazungulira kale theka la chitsulo. Ataugogoda ndi hamala, unayasama. Mayi Doreen anagwira pakamwa, sopo akuyenderera m'mikono.

A Laurenti anakhuthula madzi onse tsiku lomwelo, natsitsa thankiyo mothandizidwa ndi anansi. M'mawa mwake anadula molumikiza monse n'kuyambiranso ndi marodi atsopano. Kenako anayendera nyumba iliyonse yomwe anagwirako ntchito mwezi umenewo, kugogoda pageti ndi kunena yekha kuti analakwitsa. Ena anawaseka, ena anawakalipira, mmodzi sanabwerenso kushedi kwawo.

Anakhoma kabokosi ka malata, naikamo babu loyaka usana wonse kuti marodi azikhala ofunda ndi ouma, ndipo amisiri anzawo a m'Ndirande anatengera nzeruyo mmodzimmodzi. Jesinta atamaliza maphunziro anakaphunzitsa sayansi ku sekondale ina ku Mulanje. A Laurenti anawotcherera zaka zina khumi ndi ziwiri, mpaka maso atayamba kuchita chifunga, ndipo anabwerera ku Nsanje kukalima mapira.