Mchere Unadya Zala za Asisi

Ine ndine munthu wonenerera. Ndinanenererapo mtengo wa bokosi la maliro mpaka kalipentala anandifunsa ngati womwalirayo anali mdani wanga. Ntchito yanga pa Boma la Luangwa ndi kugula nsomba zouma padooko n'kuzigulitsa kwa amalonda obwera ndi mabasi a ku Lusaka. Chida changa ndi pakamwa basi. Manja angawa, kunena zoona, anali asananyamulepo kanthu kolemera kuposa foni.

Manja ogwira ntchito m'banja mwathu ndi a mlongo wanga wamkulu, amene ndimawaitana kuti asisi. Sanakwatiwepo. Ali ndi ana awiri, wachitatu ndine, pakuti ndi iwo anandilera amayi atatisiya. Amang'amba nsomba za pende ndi mcheni zobwera ndi mabwato a ku Zumbo, kuzipaka mchere, n'kuziyanika pathandala kuti zipite ku Kongo.

Chaka chimenecho masankho ali pafupi, azimayi opanda amuna a padooko anali atakwiya. Pogawa malo m'shedi ya pamsika, funso loyamba linkakhala lakuti, "Amuna anu ndani?" Wosowa yankho ankatsala panja, mvula ikagwa mchere n'kusungunuka pamodzi ndi phindu lake. Ofuna ukhansala akabwera ankakhala pansi ndi asodzi, koma azimayi ankangowaponyera zitenge kuti avine. Ndiye azimayiwo anapangana kuti aliyense akatenge khadi yovotera, tione ngati munthu wa khadi amafunsidwanso za mwamuna. Amene anayambitsa nkhaniyo anali asisi.

Olemba anthu ovota atafika pasukulu, asisi anayamba ndi iwo kuima pamzere. Ine ndinawaperekeza chabe. Ndinkati voti sadyera nsima.

Patebulo panali mtsikana wochokera ku Lusaka ndi kamakina kowerenga zala. Asisi anaika chala chachikulu pagalasi. Kamakina duu. Anaika china, kenako china, mpaka zonse zinatha. Mtsikanayo anagwira dzanja lawo n'kulitembenuza. Nsonga za zala zinali see ngati mwala wa mumtsinje.

"Amayi, mizere ya zala zanu inapita kuti?"

"Ili ku Kongo, mwanawe. Anthu anadyera limodzi ndi nsomba."

Apa ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinaweramira patebulo ndi mawu anga aja oziziritsa mtengo.

"Abwana, tiyeni tikambirane. Chithunzi mwajambula, chitupa mwachiona, munthu ndi uyu. Zala muikepo zanga, ndakupatsani ngati mbasela."

"Atate, kamakina aka sikanenerereka," anatero mtsikanayo akuseka. "Amayiwa apumitse manja, asagwire mchere, azidzola mafuta. Ngakhale chala chimodzi chikaoneka, ndiwalemba. Koma abwere tisanasamukire ku Kavalamanja."

Tinanyamuka kubwerera kunyumba. Kupumitsa manja ndi mawu opepuka kwa munthu wa pamalipiro a pamwezi. Nsomba yaiwisi sidikira munthu m'kutentha kwa kuno ku Feira, ndipo asodzi ukawakana kawiri amapeza wina womugulitsa. Anzawo onse anali atatenga makhadi, pakuti ambiri ankawamba nsomba pamoto, osati kupaka mchere. Woyambitsa nkhani yekha ndiye anatsala.

"Basi zisiyeni, asisi. Voti imodzi isintha chiyani?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso n'kuima pa manja anga.

"Iwe, manja awo unawasungira ukwati?"

M'mawa mwake ndinapezeka nditakhala pakampando padooko, mpeni kudzanja, beseni la mchere pakati pa miyendo. Asisi anakhala pamthunzi, manja ali phuliphuli ndi mafuta, atawatambasula pamaondo ngati mkwatibwi, n'kumandilamula ndi pakamwa. Ndinazindikira tsiku lomwelo kuti pakamwa pathu ndi pa mtundu.

Minga ya pende imabaya, ndipo mchere umadziwa kupeza bala lililonse. Ndinkapaka mcherewo nditakweza kachala kakang'ono m'mwamba kuti kokhako kapulumuke. Mayi wina wamasiye, wowamba nsomba pafupi nafe, anaitana anzake.

"Bwerani muone! Mlamu akumwa tiyi mu hotela!"

"Msiyeni, mwina akuloza kumwamba kuti amuthandize."

Anandiseka mpaka misozi, koma sanandisiye ndekha. Wamasiyeyo anandionetsa kung'amba nsomba kuchokera kumsana, osati kumimba monga ndinkachitira. Wina akamaliza zake ankabwera kudzatenga theka la mulu wanga osanena kanthu. Tsiku lina mitambo itada ine ndili kumabasi, ndinabwera chothamanga n'kupeza nsomba za asisi zitaanulidwa kale, zili pansi pa pulasitiki ya munthu wina. Azimayi amenewa ndi omwe ndinkawafinya mitengo chaka ndi chaka, ndikulumbira kuti nsomba zawo zachepa.

Tsiku lomaliza, olemba ovota aja akumanga katundu, tinapita gulu lonse. Asisi anapukuta chala pachitenge n'kuchiika pagalasi. Kamakina kanakhala ngati kakuganiza, kenako kanalira. Nthungululu zinamveka mpaka kupolisi. Asisi analandira khadi yawo, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti chithunzicho chawakalambitsa.

Ndimati tizipita, koma wamasiye uja anandigwira kolala.

"Mlamu, wadya mchere wathu. Khala apo, nawenso ulembetse."

Ndinakhala. Chala chachikulu, kamakina duu. Cholozera, duu. Mchere unali utandidya inenso. Mtsikana wa ku Lusaka anagwira pakamwa.

"Atate, si inu munkagawa zala za mbasela?"

"Yesani kachala ka tiyi kaja!" anakuwa wamasiye.

Ndinaika kachala kakang'ono, ndipo kamakina kanalira nthawi yomweyo. Boma limandidziwa ndi kachala kameneko mpaka lero.

Wofuna ukhansala wina atabwera padooko, anapeza azimayi atakhala kutsogolo pamabenchi a asodzi, makhadi ali m'manja. Zitenge azimayiwo analandira, koma sanavine. Asisi anaimirira n'kufunsa za shedi, ndipo munthuyo anayankha nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, osafunsa za mwamuna wa aliyense. Malo m'shedimo anapatsidwa azimayi angapo chabe, asisi ali m'gulumo, pakona pamene denga limadontha pang'ono. Otsalawo akulimbanabe, ndipo pamisonkhano yawo ine ndimanyamula mabenchi.

Kunenerera sindinasiye, ndi matenda obadwa nawo. Koma ndikafika pa thandala la wamasiye uja n'kuyamba kunena kuti nsomba zachepa, iye amangokweza kachala kakang'ono m'mwamba, ine n'kulipira mtengo umene watchula.