Mtedza wa mbewu

Dzulo mkazi wanga amakazinga mtedza woti aumbire mwana timipira ta chiponde ndi nthochi, zomwe anaphunzira kusikelo. Fungo litandipeza pakhonde, ndinakumbukira mlongo wanga, mtima n'kuwawa. Pa Nsaru pano amandidziwa kuti sindichedwa kupsa mtima, koma apa panalibe woti ndimukalipire.

Ndinali Sitandade 3 pamene mlongo wanga wamng'ono anatupa mapazi n'kusiya kudya. Phala ankalavula. Tsiku lina bambo atapita kukathirira nazale ya fodya, amayi anatsitsa kathumba ka mtedza kamene kankapachikidwa kudenga, n'kukazinga wonse.

"Amayi, umenewo si wodzala kodi?"

"Iwe, gwira musi."

Ndinasinja mpaka mafuta anayamba kunyezimira mumtondo. Amayi anathiramo ufa wa chimanga chokazinga ndi nthochi imodzi yakupsa kwambiri, n'kuumba timipira tisanu. Nditatambasula dzanja, anandimenya.

Bambo anabwera masana, thalauza litanyowa mpaka m'maondo. Anatola kathumba kaja n'kukakutumula.

"Nanga mvula ikagwa tidzala chiyani?"

Amayi anagwada pamphasa pomwe anagona mwanayo, n'kumufumbatitsa kampira kamodzi.

"Idya, mama. Asinja ndi achimwene akotu."

Bambo anakhala pansi, kathumba kali pamwendo. Tonse atatu tinkayang'ana pakamwa pa mwanayo. Nyerere inakwera pamkono pake, n'kudutsa pachala, n'kufika pa kampira kaja. Inatapako kachidutswa n'kuyamba kubwerera. Iye ankangoiperekeza ndi maso osalumako, ine musi udakali m'manja.