Lilime la Ba Killian

Bernadette ankagulitsa zitenje ku Kamwala mpaka chaka chimene mwamuna wake, Killian, makanika wa ku Chelstone, anayamba kugwetsa sipanala. Dzanja litafooka, mwendo unatsatira, kenako lilime linalemera. Kuchipatala anati ndi matenda a mitsempha yoyendetsa minofu, otchedwa motor neuron, ndipo sachizika.

Mwezi uliwonse Killian ankaonedwa ndi gulu lonse m'chipinda chimodzi: dokotala, nesi, wowongola ziwalo, woona za zakudya, ndi Musonda, mtsikana wothandiza odwala kulankhula ndi kumeza. Onsewo Bernadette ankawathokoza, kupatula Musonda.

Kunyumba Killian akalankhula, mkazi wake ankangomva kung'ung'udza. Koma kuchipatala, Musonda akakoka mpando n'kumuyang'ana pakamwa, mawu ankatuluka. Mpaka ankaseka awiriwo. Bernadette, amene ankamusambitsa, kumunyamula ndi kumusefera phala kuti asatsamwe, anali asanamve kuseka kumeneko chiyambire matendawa.

"Kuja mumakamba," anatero Bernadette ali m'takisi pobwerera. "Kunyumba ndiye pakamwa patsekeka?"

Killian anayesa kuyankha, koma Bernadette anayang'ana pawindo.

Mwezi wotsatira anamutsatira Musonda pakhonde la chipatala.

"Iwe mwana, amakuuza chani amuna anga?"

"Palibe chobisika, amayi. Nanenso sinimvela zonse. Nimangoyembekeza. Imwe mumawakonda, ndiye mumawatsilizila mawu asanamalize."

Bernadette anachoka osatsanzika. Kamwana kadzana kamuphunzitse kumvetsera mwamuna amene anabereka naye ana anayi! Sabata yonse ankapukuta mbale mokalipa.

Loweruka masana, akumudyetsa, Killian anayambanso kung'ung'udza. Bernadette anatsegula pakamwa kuti anene "madzi?", koma anadzigwira. Anaika supuni pansi. Anadikira mpaka phala linayamba kuzizira.

"Shu... ga," anatero Killian. "Wa... chepa."

"Ndi zimene mwakhala mukunena miyezi yonseyi?"

Killian anagwedeza mutu movomera, maso akuseka. Bernadette anamumenya pang'ono paphewa ndi kansalu kopukutira, misozi ikutsika.

Masiku ano mawu a Killian atsala ochepa, ndipo gulu lija layamba kukambirana zomuika kachubu kodyera. Bernadette amafunsa mafunso ambiri kuposa wina aliyense m'chipindamo, ndipo zimene Musonda walangiza amazichita zonse. Koma tsiku lachipatala amavala chitenje chake chatsopano, ndipo mpando wake amauika pakati pa Killian ndi Musonda.