Msoko Umene Ndinausalaza

Nditapuma ntchito ya uphunzitsi, ndinapita kukaphunzira kuwotcherera zitsulo kwa mmisiri wina wa pa boma la Mchinji, amene kale anali mwana wa m'kalasi langa. Iye sanasiye kunditchula kuti aphunzitsi, ngakhale kuti tsopano wophunzira ndinali ine.

Tsiku lina mlimi wa ku Chiosya anabweretsa ngolo yake, chitsulo chokokera chitathyoka. Mmisiriyo anachiwotcherera yekha, nachoka kukagula ndodo zowotcherera. Msoko umene anasiya unali wotupa ndi wokhakhala, ndipo unandinyansa monga linkandinyansira kope lodzaza ndi zofufutafufuta. Ndinatenga girayinda, makina opalira zitsulo, n'kuupala mpaka unasalala, osaonekanso pamene zitsulo zinakumana. Sindinadziwe kuti mphamvu ya msoko imakhala m'kutupa komweko.

Patapita masiku atatu mlimi uja anabwera wapansi, atasenza chitsulo chija. Chinali chitathyokera pamsoko pomwe paja, ngolo ikutsika mtsetse, matumba a mtedza n'kukhuthukira m'ngalande, ng'ombe imodzi n'kuvulala mwendo. Anakalipa pamaso pa anthu kuti mmisiri wotereyu asamapatsidwe ntchito.

Mmisiriyo anayang'ana chitsulo chosalalacho, kenako anayang'ana ine.

"Pepani bambo, ndinalakwitsa ndine," anatero kwa mlimiyo. "Aphunzitsi, tandipatsirani nyundo."

Ndinampatsira nyundoyo. Ine amene ndinalanga ana ambiri chifukwa chobisa zolakwa zawo, sindinaulule kuti wolakwa ndinali ine. Mpaka lero mlimi uja amapititsa ngolo yake kwa mmisiri wina.