Ndinasakaniza Chidulo cha Mdzukulu Wanga

Inu owerenga, ndiloleni ndiyambe ndi nthungululu, chifukwa mtima wanga ukukana kukhala pansi: mdzukulu wanga wavala gauni! Wavala, wavala, mwana wa mwana wanga wavala! Koma musafulumire kuvina nane. Gauni imeneyi akanaivala chaka chatha pamodzi ndi anzake. Amene anamuchedwetsa si mfiti, si matenda, si aphunzitsi ayi. Ndine agogo ake, ndi manja anga awiriwa, ndi bodza langa limodzi lomwe linabala ana.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndakalambira kuno kwa Chinsapo. Sukulu ndinalekeza sitandade 2, zilembo zina ndinakazitola ku sukulu ya kwacha imvi zitamera kale. Mukaona mawu ena akutsimphina, aloleni adutse, afika.

Mdzukuluyo ndi Tadala. Ndinamulera ndine kuyambira ali ndi zaka zinayi, mayi ake atatisiya. Timaitanana kuti mkazi mnzanga, monga mudziwa nthabwala za agogo ndi mdzukulu wamkazi. Mutu wake ndi wakuthwa ngati lumo, moti anakafika ku yunivesite, kukaphunzira zoti kemisitiri. Ine ndinkauza amayi a pamjigo kuti akuphunzira udokotala, poti dzina linalo linkandikola pakhosi.

Chaka chake chomaliza anabwera pa holide, chimanga titakolola kale, atanyamula matumba ngati wamisala wa mumsika. Umu zitsononkho, umu makoko a mtedza, umu makoko a nthochi, umu mapesi a nyemba, umu mitengo ya fodya. Anayanika, anawotcha chilichonse pachokha, phulusa lake pachokha. Kenako anabooleza chitini, kuikamo phulusa, kuthira madzi, madziwo n'kumadontha pansi, do, do, do. Ine ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinati, “Mkazi mnzanga, zaka zinayi ku yunivesite kukaphunzira kutcheza chidulo? Ukanabwera kwa ine, ndikanakuphunzitsa tsiku limodzi, thelere n'kudyera pomwepo!”

Iye sanakwiye. Anandikhazika pa mpando n'kundiuza zinthu zomwe mpaka lero zimandivinitsa. Akuti maphunziro akewo anayambira pa phulusa lomweli. Kalekale, mafakitale kulibe, anthu a maiko akutali ankadontheza madzi pa phulusa ngati ife, n'kusakaniza ndi mafuta a nyama, sopo n'kutuluka. Akuti kunalinso ena ankawiritsa miphika usana ndi usiku kufuna kusandutsa zitsulo wamba kuti zikhale golide. Golideyo sanamuone, koma anaphunzirapo kuyeza ndi kulemba chilichonse chomwe achita. Kenako kunabwera mafakitale opanga soda kuchokera ku mchere. Sopo anachuluka, eya, koma utsi wake unaumitsa mitengo, zinyalala zake zinaipitsa mitsinje. Ndiye masiku ano ophunzira akubwerera m'mbuyo, kufunafuna njira zopangira zinthu popanda kupha mtsinje, pogwiritsa ntchito zomwe timataya. Ena akuti akusandutsa mafuta otsala pokazinga kukhala mafuta oyendetsera galimoto. Iye ankafuna kudziwa kuti pa mapulusa asanuwo, ndi liti lomwe chidulo chake chingalowe m'malo mwa soda wa m'sitolo uja wowotcha manja, kuti mafuta akuda otsala pa ziwaya za tchipisi asamathiridwe m'ngalande, azisanduka sopo.

Inu owerenga, kumva kuti chidulo cha amayi anga chalowa m'mabuku, ndinaimirira, chitenje ndinamanga, ndinazungulira pabwalo ndikuimba yanga yopeka pomwepo: phulusa lapita ku sukulu, phulusa lakhoza mayeso! Pamene ine ndinkaimba, iye ankapitiriza kulankhula. Zomwe ananena pamenepo zinadutsa pamwamba pa duku langa. Apa ndi pomwe ndinagwera.

Chidulocho anachithira m'zigubu zisanu zatsopano, chilichonse atachilemba dzina lake ndi cholembera chosafufutika. Anaziika kuseri kwa chitseko n'kubwerera ku sukulu, akuti adzazitenga pakatha masabata awiri.

Sabata yomweyo kunali chinkhoswe cha mwana wa Anaphiri, anzanga oyandikana nawo nyumba, ndipo thobwa anapatsa ine. Thobwa langa limadziwika, sindidzitama ayi, funsani. Ndinaphika lambiri, koma mothira munachepa. Maso anga anagwera kuseri kwa chitseko. Zigubu zoyera, zokongola, zangokhala! Mumtima ndinati chidulo n'chidulo, kaya cha nthochi kaya cha nyemba, mayi wake ndi phulusa. Kutaya sindinataye ayi, ine sinditaya chidulo. Ndinakhuthulira zonse zisanu mu ndowa imodzi, khuthu, khuthu, khuthu, n'kuvindikira bwinobwino. Zigubu ndinatsuka katatu, thobwa linapita ku chinkhoswe, anthu anamwa, ine ndinavina mpaka bondo linandikumbutsa zaka zanga.

Mawa lake foni inalira. Tadala. “Agogo, zigubu zanga zija zili bwino? Paja ndinakuuzani, zisakhudzane ngakhale dontho. Ntchito yonse yagona pa kusiyana kwake.”

Inu owerenga, apa ndi pomwe panali mphambano. Chilimwe chinali chisanathe, zitsononkho zinali mbwee, akanawotchanso sabata imodzi basi. Pakamwa panga pakanangotuluka mawu atatu: mwanawe, ndalakwitsa, pepa. Koma manyazi anandigonjetsa. Ine katswiri wa chidulo, ine ndinamuseka uja, ndivomere kuti ndawononga? Ndinayankha kuti zili bwino, zikungokudikira. Foni itaduka ndinathamangira kwa Anaphiri kukatenga zigubu, ndinatsukanso, n'kutunga mu ndowa muja kudzaza chimodzichimodzi. Mayina anali pomwepo, osafufutika. Ndinazibwezera kuseri kwa chitseko ngati ana ogona.

Atabwera kudzazitenga anaziyang'ana pa dzuwa, nkhope n'kukwinyika. Anati bwanji mtundu wake wafanana, chikhalirecho china chinali chofiirira, china choyererako? Bodza lachiwiri linatuluka lokha, losaitanidwa. Ndinati chidulo chikagonera chimatero. Anandikhulupirira. Akanakayika bwanji, poti za chidulo ndine ndinali buku lake?

Miyezi itatu mwana ankayeza. Akayeza cha nthochi, akayeza cha fodya, yankho limodzimodzi. Anayezanso, chimodzimodzi. Anaganiza kuti makina a ku sukulu afa, anakabwereka ena, chimodzimodzi. Akaimba foni mawu ake ankachepa, ankachepa, ngati wailesi yotha mabatire. Ine ndinkangoti limba mtima, tikupempherera. Tamvani, inu owerenga, kupempherera munthu minga uli utamuikira wekha pa mpando!

Mvula itagwa, mu Januwale, anatulukira pakhomo masana, chikwama kumsana, ataonda mpaka khosi kutalika. Anakhala pakhonde osavula nsapato. Anati aphunzitsi ake akana ntchito yake. Akuti mapulusa asanu osiyana sangabereke manambala ofanana chotero, ndiye kuti iye sanayeze, wangopeka ali pa bedi. Nkhani ikupita kwa akuluakulu a sukulu, ndipo wopeka manambala amachotsedwa. Kenako ananena mawu omwe anandithyola msana. Anati, “Mwina mutu wangawu si wa zimenezi, agogo. Mwina ndinangokakamira.”

Mwana kudzikayikira chifukwa cha thobwa langa! Ndinagwada pamatope pomwepo, ine nkhalamba kugwadira mdzukulu, n'kuulula zonse: chinkhoswe, ndowa, foni ija, bodza la kugonera. Ndinkadikira kuti akalipe, aswe mbale, achite chilichonse. Iye anangoti, “Mukanangondiuza tsiku lomwe lija, agogo.” Analowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo dzina loti mkazi mnzanga linafa pakhomo pathu. Ankanditcha agogo, mwaulemu wonse, ulemu wozizira ngati madzi a mu Juni.

Ine sindinakhale pansi. Ndinavala chitenje changa cha ku tchalitchi, ndinamuuza kuti anditengere kwa aphunzitsi akewo. Tinakwera minibasi. Ndinalowa mu ofesi ya aphunzitsiwo, bambo wa magalasi, mabuku mpaka kudenga. Ndinati, “Abambo, wakuba manambala sali pano. Pali wakuba zigubu, ndipo ndi ineyo.” Ndinafotokoza zonse. Bamboyo anavula magalasi, anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, kaya kunali kuseka kaya chisoni. Anati, “Amayi, ndiye kuti mwanayu amayeza bwino zedi. Munamupatsa chinthu chimodzi kasanu, iye anapeza yankho limodzi kasanu.” Mlandu unathera pomwepo. Koma nthawi yopereka ntchito inali itadutsa. Anati ayambirenso, adzamalize ndi a chaka chotsatira.

Ndiye vuto linali ili: dzinja lili pakati, chimanga chili chiwisi m'munda, zouma uzipeza kuti? Tadala anati tidikire kukolola. Ine ndinati ayi, pano pokha ndilole ndikutsogolere. Ndimadziwa kuti mayi wachikulire aliyense wokonda thelere amabisa kathumba kake ka zouma pamwamba m'khitchini, kuopa mvula. Ndinayamba ulendo, ambulera m'manja. Kwa Biwi ndinapeza zitsononkho kwa mayi wina wa ku Dedza. Ku Kawale makoko a mtedza ndi mapesi a nyemba. Ku Mgona mayi wogulitsa zitumbuwa anandisungira makoko a nthochi, ndinkawayanika pa lata pambali pa mbaula. Mitengo ya fodya inachita kubwera pa kabaza kuchokera kwa mlamu wake wa Anaphiri. Pakhomo lililonse ankandifunsa kuti zachiyani zonsezi, ndipo pakhomo lililonse ndinkaulula tchimo langa kuyambira pachiyambi. Amayi ankaseka mpaka misozi. Wa kwa Biwi uja anati, “Inu ndiye agogo a mavuto, thobwa lanu lameza digiri!” Manyazi omwe ndinawathawa pa foni imodzi ndinawalipira makomo khumi ndi awiri.

Tinawotchanso, awiri, chilichonse pachokha. Ine ndinkamuonetsa kuti moto usaufulumizitse, phulusa lifike poyera, lisatsale ndi makala. Iye ankandionetsa kuyeza pa sikelo ndi kulemba, kuyeza ndi kulemba. Ndinalemba ndekha pa chigubu chimodzi, NTHOCHI, zilembo zopendama ngati mpanda wa chaka chatha. Zigubuzo anapita nazo tsiku lomwelo, sanazigoneke pakhomo panga, ndipo sindimudandaula.

Ulendo uno manambala anasiyana! Anasiyana, anasiyana, aliyense ndi nkhope yake! Cha nthochi ndicho chinaposa zinzake, ndipo ndi mafuta otsala a tchipisi, atawasefa, chinatulutsa sopo wofewa wochita thovu. Koma tsiku lomwe anzake ankavala magauni chaka chathacho, Tadala anali pakhomo akuchapa, zithunzi zawo zikulowa mu foni yake chimodzichimodzi. Sanalire pamaso panga. Chaka chimenecho sindingamubwezere, ngakhale nditavina bwanji.

Tsono mverani kuno, inu owerenga, makamaka agogo anzanga olera ana a sukulu. Katundu wa mwana ngakhale aoneke ngati chinthu chomwe mwachidziwa moyo wanu wonse, funsani musanagwire. Mwana akamalankhula, nyimbo idikire, khutu litsogole. Ndipo chachikulu ndi ichi: mukalakwitsa, nenani dzuwa lomwelo lisanalowe. Kukhuthula zigubu kunali kulakwa kwa sabata imodzi. Kudzazanso mobisa ndiko kunadya chaka chathunthu, n'kutsala pang'ono kudya dzina la mwana ndi mtima wake womwe. Mkulu kupepesa mwana sikuchotsa imvi.

Sabata yatha ndinali komweko, pa mpando wa alendo, duku latsopano kumutu. Atatchula dzina lake ndinaiwala bondo, ndinaiwala ulemu wa malo, nthungululu yanga inafika kudenga. Titatuluka panja anabwera akuthamanga, gauni ikuuluka, n'kundiveka chipewa chake cha makona anayi pamwamba pa duku. Anandipatsa kabotolo ka sopo wake uja, atakalemba dzina, n'kundinong'oneza kukhutu kuti, “Mkazi mnzanga, aka kokha musathiremo thobwa.”

Mwamva? Mkazi mnzanga! Dzina lija lauka! Kabotoloko kali pawindo, sindikatsegula, sindikasuntha, ndipo pofuna kupukuta fumbi pansi pake ndimayamba ndaimba foni kufunsa mwini wake.