Masabata Asanu a pa Khadi Langa

Anandilanda khadi la kalasi kutatsala masabata asanu kuti ndibatizidwe. Anandilanda ndi a Mateyu, mphunzitsi wa katekisimu wa kwathu kufupi ndi Tsangano, pamaso pa Bambo Mfumu ndi kalasi yonse. Sabata yomweyo anandichotsanso sukulu, ndili Sitandade 3. Mwezi usanathe ndinamanga kamtolo n'kuuyamba wa ku Halale. Sindinatsanzike munthu aliyense wa mpingo.

Khadilo linali kapepala kolimba kokhala ndi timabokosi. Ukafika ku kalasi Lamulungu, mphunzitsi ankalemba kamtanda m'kabokosi kamodzi. Pankafunika zaka zinayi. Ukajomba popanda chifukwa ankakubweza m'mbuyo. Ine sindinajombepo. Kaya mvula, kaya chisanu cha kwathu chong'amba mapazi chija, ndinkapita.

Sindiname kuti ndinkakonda Mulungu kuposa anzanga. Ndinkapitira amayi. Amayi anga, a Namoyo, anali mkazi wamng'ono wa bambo, ndipo lamulo linali loti munthu wa pamitala sabatizidwa pokhapokha atasiya banjalo. Akanalowera kuti ndi ana anayi? Ndiye zaka zonsezo ankakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, pafupi ndi khomo pamene pamawomba mphepo. Mapemphero ankawadziwa pamtima kuposa ambiri obatizidwa. Kolona wawo anatunga okha ndi njere za kutchire. Ankandiuza kuti, “Ine madziwo andikaniza. Ndikangoona akukuthira iwe, basi, ndikhoza kufa.”

Dzina anali atasankha kale. Anati ndidzakhala Simoni, poti ndiye anathandiza kusenza mtanda. Pamudzi ndinali Kamoto, koma tikakhala awiri kumunda wa kachewere ankandiitana kuti Simoni, motsitsa mawu, ngati munthu woyesa nsalu imene sanagule.

M'nyengo ya Lenti Bambo Mfumu anabwera pa njinga kudzatiyesa. Atatha mafunso anayamba kuphunzitsa za mitala. Anati mkazi wokhala pamitala akudzitsekera yekha khomo la kumwamba. Amayi anali panja, pansi pa zenera, akumva zonse. Pambali pa Bambo Mfumu panakhala a Filipo, gulupa wa tchalitchi chathu, akugwedeza mutu kuvomereza.

A Filipo ndinkawadziwa bwino. Ndinapitapo nawo kawiri pa ngolo yawo kukasiya kachewere kutsidya, ku dziko la Apwitikizi. Kumeneko kunali nyumba, mkazi, ndi ana awiri amene ankawathamangira akuitana kuti ababa. Ndinadya m'nyumba imeneyo. Ndiye nditawaona akugwedeza mutu chonchija, mtima unandikwera. Ndinaimirira n'kufunsa kuti, “Bambo, nanga a Filipowa, ali ndi mkazi wina kutsidyaku, bwanji iwo amalandira Ukalistia?”

Bambo Mfumu anacheukira a Mateyu n'kuwafunsa ngati zinali zoona. A Mateyu ankadziwa. Mudzi wonse unkadziwa. Koma akazi awo anali mlongo wawo wa a Filipo, ndipo ngolo ya a Filipo ndiyo inatuta njerwa za tchalitchicho. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, “Sindidziwa kanthu, Bambo. Mnyamatayu ndi wapakamwa.”

Munthu yemweyo anatiphunzitsa zaka zinayi kuti usachite umboni wonama. Anandikwapulapo kamodzi chifukwa chonama za mango.

Bambo Mfumu anandiuza kuti ndigwade, ndipepese kwa a Filipo, ndiwonjezere chaka china. Ndinakana. A Mateyu anatambasula dzanja, ine n'kuikamo khadi. Kunyumba amayi anandidandaulira masiku atatu kuti ndikapepese. Ndinawayankha kuti sindingapepese chifukwa cha choonadi. Iwo anandifunsa kuti, “Choonadi chakocho chikubatiza?” Ndinangopsa mtima. Tsiku lonyamuka anandikazingira chimanga, n'kundiperekeza mpaka pamtsinje.

Tinayenda wapansi, amuna anayi, kudzera ku Tete. Ndinapeza ntchito pa purazi la fodya, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera ku Halale. M'mawa woyamba kapitawo anandipatsa tikiti: kapepala kolimba, timabokosi makumi atatu, iye n'kumachonga kamodzi ukamaliza mgwazo wa tsikulo. Ndinaseka mpaka anzanga anaganiza kuti ndapenga. Kuyenda mtunda wonsewo kukapeza khadi lina. Kusiyana kwake n'kwakuti la kumeneko likadzaza ankakupatsadi chimene anakulonjeza, ngakhale chinali masheleni ochepa osakwana n'kugula jekete.

Za moyo wa kumeneko sindinena zambiri. Tinkagona asanu m'kanyumba kamodzi ka kukomboni. Phoso linali ufa, nyemba ndi mchere. Lamulungu anzanga ankamwa ndi kutchova njuga. Ine ndinalumbira kuti sindidzapondanso m'tchalitchi, ndipo sindinapondemo. Koma pakamwa sipamva malumbiro. Ndikamapalira ndinkangozindikira ndikudzifunsa ndekha mafunso a katekisimu n'kumadziyankha ndekha, mzere wonse mpaka kumapeto. Ndinkatukwana n'kuyamba kuimba nyimbo za ngoma, pakapita kanthawi mafunso aja abweranso.

Kalata yoyamba inandipeza patatha miyezi inayi. Nditangoona pa envulopu ndinadziwa dzanja lake. Amayi sankadziwa kulemba, ndipo m'mudzi mwathu wolembera anthu makalata anali mmodzi yekha: a Mateyu. Ndinaitsegula. Mawu anali a amayi: ana ali bwino, mbuzi yaswa, uzifunda. Koma pansi a Mateyu anawonjezera awo: “Mwana wanga, dzichepetse.” Yachiwiri chimodzimodzi. Munthu wonama kundilalikira ine.

Kuyambira pamenepo sindinatsegulenso. Kuwotcha sindikanatha, poti mkatimo munali mawu a amayi. Ndinkangoziika pansi pa sutukesi. Munthu wa kwathu akamabwerera ndinkamupatsira bulangete, kapena nsalu, kapena ndalama pang'ono, ndi uthenga wapakamwa woti ndili bwino, koma amayi apeze wina wowalembera. Ndinkaona ngati ndikulanga a Mateyu. Ndinakhala choncho zaka zitatu, makalata anayi osatsegula.

Pa purazipo panali mkulu wina wa ku Lizulu, dzina lake Sitima. Nayenso anali wa kalasi, koma msonkho unamuthamangitsa kwawo asanamalize. Ankavala mendulo m'khosi, itachita kuda ndi thukuta. Tsiku lina masana tikupachika fodya m'balani anaterereka pamtanda wa pamwamba. Tinamutulutsira panja, magazi akutuluka m'khutu. Kapitawo anathamangira kwa mzungu mwini purazi. Sitima anandigwira malaya n'kunena kuti, “Iwe unatsala pang'ono. Mawu aja ukuwadziwa. Ndithire madzi.”

Ndinkawadziwadi. A Mateyu anatiphunzitsa kuti pangozi ya imfa munthu aliyense angathe kubatiza, ngakhale wosabatizidwa, malinga athire madzi pamutu n'kunena mawu ake bwinobwino. Anatiyesetsa pa dzungu mpaka tonse tinakhoza. Ndinatunga madzi m'chitini chomwera. Ndinamufunsa dzina limene ankafuna. Sanathenso kuyankha. Nthawi panalibe, ndipo dzina limene linali pafupi m'kamwa mwanga linali limodzi lokha. Ndinathira katatu n'kunena kuti, “Simoni, ine ndikubatiza iwe m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera.” Mzungu asanafike anali atapita.

Tinamuika tsiku lotsatira kuseri kwa komboni. Pochokera kumandako ndinapita kukatsegula sutukesi. Sindidziwa chifukwa chake. Mwina ndinaona kuti Sitima wafa popanda wa kwawo kudziwa.

Kalata yoyamba mwa anayiwo inali itakhala zaka zoposa ziwiri. Inalibe mawu a amayi. Inali ya a Mateyu okha. Analemba kuti anapita kwa Bambo Mfumu n'kuulula kuti ananama tsiku lija, kuti a Filipo awachotsa ugulupa, ndi kuti Bambo Mfumu akuti ndibwere ndidzamalize masabata anga asanu, ndibatizidwe pa Pasaka. Yachiwiri inali ya amayi, kufunsa ngati ndamva, ndipo akuti asunga tambala woti adzaphe pa ubatizo wanga. Yachitatu ankafunsa chimene anandilakwira. Yachinayi inali yaifupi. A Mateyu analemba kuti amayi akutsokomola magazi ndipo akunditchula. Inafika miyezi itatu m'mbuyomo. Ndikukumbukira tsiku limene inafika. Ndinaiponya m'sutukesi n'kupita kukaonera njuga.

Ndinasiya tikiti ili pakati. Sindinadikire malipiro.

Nditafika kwathu sindinafunse kanthu. Mlongo wanga atandiona anakhala pansi pabwalo n'kuyamba kulira, ndipo ndinadziwa. Panali patatha masabata asanu ndi limodzi chimwalirire amayi. Anandiperekeza kumanda. Ndinkayembekezera kuwapeza kumanda a mudzi, koma anandilondolera kuseri kwa tchalitchi. Pamtumbira panali mtanda wa mtengo, polembedwa ndi dzanja lomwe lija: Monika Namoyo.

A Mateyu ndinawapeza kudimba. Anali atakalamba kwambiri pa zaka zochepazo. Ntchito ya uphunzitsi anawachotsa tsiku lomwe anaulula, ndipo akazi awo anabwerera kwa abale awo. Ndinabwera ndi mawu ambiri amene ndinakhala ndikuwanola zaka zonsezo. Iwo anaika khasu pansi n'kundifunsa kuti, “Makalata unkalandira?”

Ndinati ndinkalandira.

“Unkawerenga?”

Ndinayang'ana pansi, ndipo iwo sanafunsenso. Ndikanakonda akanandikalipira.

Anandifotokozera mmene zinathera. Amayi atafooka, Bambo Mfumu anali kutali, ndiye anawabatiza ndi a Mateyuwo, ubatizo wa pangozi womwe uja. Lamulo linkafuna kuti awafunse kaye ngati akusiya mitala. Amayi akuti anaseka n'kunena kuti, “Aphunzitsi, pamphasa pano ndikulimbirana mwamuna ndi yani?” Atawathira madzi anafunsa ngati Simoni wafika. A Mateyu anati ali m'njira. Anandiuza kuti limenelo ndi bodza lawo lachiwiri, ndipo sanakaulule.

Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kansalu komanga. Munali kolona wa njere uja ndi khadi langa. Tsiku limene anaulula anakalipereka kwa amayi. Kuyambira pamenepo amayi ankapita nalo kutchalitchi Lamulungu lililonse, atalimanga m'chiuno. Kangapo konse anapempha mphunzitsi watsopano kuti alembepo kamtanda, akuti poti mwiniwake ali kutali, iwo abwera m'malo mwake. Mphunzitsiyo ankakana, ndipo sindimuimba mlandu. Timabokosi tisanu tija tili mbee mpaka lero.

Anthu ena akuti ndikhululuke. Ena akuti ndine ndiyenera kupempha chikhululuko. Ine ndikudziwa izi zokha: a Mateyu anakhala chete miyezi yochepa, ine ndinakhala chete zaka zitatu. Ndinachoka ndikuganiza kuti m'mudzi wonse wolankhula zoona ndine ndekha. Ndabwera n'kupeza kuti wonama uja anataya ntchito ndi banja pobweza bodza lake, ndipo uthenga wake unali pansi pa zovala zanga nthawi yonseyo. Sindinawakhululukire kwenikweni. Koma ndimakawathandiza kuthirira kudimba, poti palibe wina amene amapitako.

Ndinapita ku mishoni ndi khadi m'manja. Bambo Mfumu uja anabwerera kwawo ku Ulaya. Amene alipo tsopano sandidziwa. Anatsegula buku lalikulu, n'kupeza dzina langa ndi mawu amodzi pambali pake oti ndinachotsedwa. Za lonjezo lija palibe analemba. A Mateyu anapita nane kukachitira umboni, koma umboni wa mphunzitsi wochotsedwa ulibe kulemera. Bambo Mfumu anandiuza mofatsa kuti munthu amene wakhala zaka zonsezi m'mapurazi sadziwika mmene anakhalira, ndiye ndiyambenso kalasi, zaka ziwiri.

Ndinawauza za Sitima. Apo ndiye anatchera khutu. Anafunsa ngati madzi anafika pamutu, ndi kuti ndinene mawu amene ndinanena. Ndinanena. Anati ubatizowo ndi woona, n'kutenga cholembera. Ndinaimirira pomwepo ndikuona akulemba m'buku la obatizidwa: Simoni, wa ku Lizulu. Dzina limene anandisankhira amayi lalowa m'buku, koma mwini wake ali kuseri kwa komboni ku Halale. Ine ndidakali Kamoto.

Lamulungu ndimapita kutchalitchi. Ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, pamalo pa amayi. Mphepo imawombadi pamenepo. Sindinkadziwa kuti imazizira chonchi. Misa ikatha a kalasi amatsala, ine ndimatuluka n'kupita kuseri kukazula udzu pamtumbira. Mlongo wanga akuti zaka ziwiri si kanthu, ndingodzichepetsa. Mawu amenewo ndinawamva kale.

Zaka ziwiri sindiyamba. Zinayi ndinapereka kale, ndi mapazi anga, ndipo timitanda tili pa khadi, aliyense angathe kuwerenga. Amene ankafuna kudzaona anapita, ndiye palibe chondithamangitsa. Ndidikira. Mpingo udakali ndi masabata anga asanu.