Malovu pa buku la alendo

Uthenga unandipeza ndikupinda zovala pabalaza, m'fulati yathu ya ku Old Airport kuno ku Doha, makina oziziritsa akulira ngati njuchi za m'mphako. Anaimba foni ndi mwana wanga wamkazi, uyu wa unesi ku Al Sadd. Anati, "Amayi, nthano ya mdzukulu wanu aisankha kusukulu, akuti aiika m'buku." Ine thaulo pansi. Ndinaliza nthungululu ndekhandekha m'nyumba ya eni, ndinavina kuchoka pabalaza kukafika kukhitchini, kuchoka kukhitchini kubwerera pabalaza, mpaka mayi wa khomo loyandikana anagogoda kufunsa ngati ndapsa ndi madzi.

Lachisanu, tsiku lopuma kuno, akamwini anga, amene amayendetsa galimoto ya hotela ku Pearl, anati, "Yala, monga amanenera Aluya, tiyeni amayi tikapitidwe mphepo. Mwana wolembayu tikamuonetse kumene kunkakhala olemba anzake." Tinatuluka mu Doha, nyumba zazitali zinatha, kunatsala msewu ndi mchenga. Tinafika pa kanyumba ka miyala ndi dothi, ka zitseko zosema, kumene akuti kunkakhala mkulu wina wopeka ndakatulo za anthu a panyanja. Pakhomo panali tebulo, patebulo buku la alendo. Mdzukulu anandipatsa bolopeni. "Agogo, sainani."

Dzanja ili lalima, dzanja ili lasenza, dzanja ili lasambitsa ana asanu ndi awiri, ndipo pa buku lija linalandira bolopeni. Kulemba ndinalemba. Koma mtima unali utabwerera kale kwathu ku Ntcheu, ku buku lina, ku chilimwe china.

Chimanga chinali m'nkhokwe, tchire atatentha. Ndinali ndi zaka mwina zisanu ndi zitatu, achemwali anga atandiposa ziwiri. Bambo anapita ku migodi osatumizanso mawu, choncho wotilamula anali amalume. Iwo ankayendetsa lole ya sitolo ina ku Limbe, ndipo chaka chimenecho anawatuma kwathu kudzagula nyemba ndi kachewere. Anakhala nafe miyezi iwiri. Sitinkawadziwa bwino, nawonso sankatidziwa. Mayina athu omwe ankawasokoneza.

Anali munthu wokonda anthu a luso. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ankatikweza pa lole, amayi kutsogolo, ife kumbuyo pa masaka, n'kumati, "Tiyeni mukaone kumene kunkakhala anthu a mitu." Anatitengera kwa mmisiri wina wosema amene anamwalira kalekale. M'chisakasa mwake munkanunkhirabe mlombwa, kasemasema ali pomwe anamusiya, ndipo pakona panali chifanizo cha mayi chosamalizidwa kusema, mkono umodzi ukadali m'chipika. Lamulungu lotsatira tinapita kwa wojambula makoma a matchalitchi. Nyumba yake yonse inali mbalame za dothi lofiira, zina mvula itazidya mapiko. Tinkadya nzimbe pamsewu, tinkaimba, fumbi lili m'mano.

Pobwerera ulendo wachiwiriwo amalume anaimitsa lole pansi pa mkuyu, anatitsitsa, n'kutiuza. Akazi awo anali atabereka mapasa ku Limbe, ndipo kunkafunika mlezi. Mmodzi wa ife awiri anayenera kupita. Tonse tinkadziwa kuti wopita ku Limbe sukulu yake yatha.

"Sabata la mawa tipita kunyumba ya mphunzitsi wakale, yemwe analemba buku lomwe mumawerenga kusukulu," anatero amalume. "Kumeneko kuli buku la alendo. Aliyense akalemba dzina lake ndi inki. Wolemba bwino atsala pasukulu. Winayo amange kathumba."

Lero ndimati sanali munthu wankhanza. Ankaona ngati akuchita chilungamo, kuti asasankhe ndi nkhope. Koma chilungamo chimenecho ine ndinadziwiratu kumene chigwere. Achemwali ankalemba ngati aphunzitsi, moti ankawatuma kukalemba pa bolodi. Ine ndinali m'kalasi ya pansi pa mtengo, ya sileti ndi chala pa dothi. Cholembera cha inki ndinali ndisanachigwirepo.

Sabata limenelo nsima ndinkangoisiya m'mbale. Ndikamva khanda likulira kwa aneba, ndinkatseka makutu. Amayi ankasinja osaimba, musi wokhawokha, di, di, di. Achemwali ankandikokera kuseri kwa nkhokwe, n'kuthyola timapesi ta udzu.

"Dzina lako ndi timitengo tokhatokha, Elina. Palibe chokhota. Kamtengo koima, titatu togona. Taika."

Ndinkaika, iwo n'kumwaza, ine n'kuikanso. Kenako ankandilembetsa ndi nthenga ya nkhuku yoviika m'madzi a makala, pa pepala la shuga. Ndikalakwitsa ankanditsina khutu. Ndinkadana nawo masiku amenewo. Ndinkati akundinyoza, akufuna aone mmene ndigwere.

Lamulungu linafika. Pa lole panalibe woimba. Msewu unakwera mapiri, unatsika, unakweranso, mpaka tinaona mabulugamu aatali ndi nyumba ya njerwa, malata ofiira ndi dzimbiri. Anatilandira ndi mwana wa mphunzitsiyo, mayi wachikulire wa mandala, amene ankasunga nyumbayo monga mmene bambo ake anaisiyira. Anatiuza tivule nsapato, ngakhale ovala nsapato anali amalume okha.

M'katimo munali zii, kuzizira kwa simenti kumapazi, fungo la sera ndi la mileme. Anationetsa mpando wa ndodo umene malemuwo ankakhalapo, tebulo lothimbirira inki, jekete lopachika pa msomali, nsapato ziwiri zili phee pansi pa bedi ngati mwini wake wangopita kuseri. Paliponse mawu ake anali amodzi: "Musakhudze." Amalume anavula chipewa, akuyenda monyang'ama ngati m'tchalitchi. Ine sindinkaona mpando, sindinkaona jekete. Maso anga anali pa katebulo ka pakhomo.

Bukulo linali lalikulu ngati Baibulo la paguwa. Pambali pake panali kabotolo ka inki ndi cholembera choviika. Amalume analemba dzina lawo mokhotetsakhotetsa, n'kukoka mzere pansi. Amayi sankatha kulemba, ndiye mayi wa mandala anawapaka inki pa chala chachikulu, iwo n'kudinda. Kenako amalume anati, "Ayambe wamng'ono."

Cholembera chinali cholemera kuposa nthenga. Ndinaviika. Kamtengo koima, titatu togona, zinatheka. Lemba lachiwiri linatheka, lachitatu linatheka. Pa lachinayi nsonga inakodwa m'pepala, mzere unatsetsereka n'kupita kwina. Ndiye ndinachita zomwe mwana aliyense wa sileti amachita osaganiza n'komwe. Ndinalavulira pa chala, n'kufuta.

Inki sifutika. Inamwazika, inayenda, inakwera mpaka pa dzina la abusa ena ochokera kutali amene analemba pamwamba pathu. Ndinafutanso ndi mphepete ya diresi, n'kuonjezera. Mayi wa mandala anakoka mpweya. "Mwana uyu walavulira buku la bambo anga."

Ndinamva amalume akupuma kumbuyo kwanga. Ndinamva njiwa padenga. Ndinamaliza lemba lotsiriza pambali pa chidetsocho, misozi ikudontha pa chigongono kuti isagwerenso m'buku. Ndinabwerera kukaima kukhoma, ndipo pamsana panga ndinkamva kale kulemera kwa mapasa.

Inafika nthawi ya achemwali. Iwo ankangofunika kulemba monga ankalembera tsiku lililonse, basi. Anatenga cholembera. Anayang'ana pepala, anayang'ana chidetso changa, nthawi yaitali, mpaka amalume anatsokomola. Kenako anachiika pansi.

"Amalume, ine cholembera sinditha."

Anapendeketsa kabotolo, ananyowetsa chala chachikulu, n'kudinda pambali pa chala cha amayi.

"Zaka zinayi pasukulu?" anatero amalume. Anatembenukira kwa amayi. "Mlongo, n'zoona zimenezi?"

Amayi anali akupotokola nsonga ya chitenje. Anayang'ana achemwali, achemwali anayang'ana pansi. "Mwaona nokha, achimwene," anatero amayi.

Amalume anawerama pa bukulo, anatsata malemba anga ndi chala. "Uyu wadetsa, koma likuwerengeka. Elina. Atsala ndi uyu." Anapepesa kwa mayi wa mandala, anamusiyira theka la thumba la nyemba, tinakwera lole.

Ndinene zoona, pakuti ndakalamba. Ine ndinkati achemwali aiwala. Ndinkati cholembera chawaopsa monga chinandiopsera ine. Pa lole ndinaimirira pa masaka, ndinaimba njira yonse, ndinapeka ndi nyimbo yowaseka, yoti wa pa bolodi wadinda chala, wa pa dothi walemba dzina. Iwo anangogwira diresi langa kumbuyo kuti ndisagwe lole ikadumpha.

Sukuluyo sindinapite nayo patali. Ndinalekera Sitandade 3 amayi atadwala, ndipo malemba amene ndili nawo ndi omwewa, oyenda motsimphina. Achemwali analera mapasa, anakwatiwa ku Limbe, anagona konko. Makalata onse amene ankabwera kumudzi ochokera kwa amalume, m'zaka zotsatira, anali a dzanja la achemwali lokongola lija, ndipo amalume sananenepo kanthu. Ine ndi iwo sitinaikambepo nkhani ya bukulo, ngakhale kamodzi.

Koma tsiku la buku lija dzuwa likupendeka tinalowa m'mudzi amalume akuliza hutala, akuuza aliyense kuti dzina la mwana wa mlongo wawo lili m'buku la mphunzitsi wakale. Za malovu sanatchule. Amayi anatulutsa thobwa lomwe anakonzera olima dimba, anayala mphasa pabwalo, ndipo anthu anabwera. Anabwera aNangozo ndi mwana kumsana. Anabwera aNajere, anabwera aNankhoma a kutsidya kwa dambo manja ali ndi matope. Anabwera aNaphiri aakulu ndi aNaphiri aang'ono, anabwera aMaseko osoka mphasa, aGama a njinga, aphunzitsi anga a pansi pa mtengo, amene anamva nkhaniyo n'kungogwira chikho m'manja osamwa. Anabwera aNabanda oyamba nyimbo, aNamoyo olandira. Ndipo pakati pa bwalo, woliza nthungululu kuposa onse, wondinyamula m'chiuno n'kundizunguza mpaka mitengo inazungulira, anali achemwali anga, chala chikadali chakuda. Ine ndinkati akukondwera kuti akukaona tawuni.